Mkonono wa Atelala

Kalata yochokera ku likulu inati onse ogwira ntchito m'malaibulale ang'onoang'ono achite maphunziro a masabata asanu ndi atatu, Lachitatu lililonse masana, aliyense pa kompyuta ya kuntchito kwake. Namabuku anaiwerenga kawiri kalatayo. Ankafufuza mawu oti adzakwera basi, adzagona malo amodzi ndi anzake, adzadyera limodzi n'kuseka mabwana. Mawu oterowo munalibemo. Maphunzirowo anali oti amupeze pampando wake womwewo.

Dzina loti Namabuku anamupatsa ndi ana a sukulu, ndipo linamukakamira moti ngakhale a ku positi ankamutchula choncho. Anali atatha zaka zitatu pa laibulale imeneyi: chipinda chimodzi chachitali, mashelefu asanu ndi anayi, matebulo anayi, ndi denga lodontha pakona ya mabuku a zaulimi. Ankagwira yekha. Mnzake amene anamupeza pamenepo anapuma pa ntchito chaka choyamba chomwecho, ndipo a ku likulu anati atumiza wina posachedwa. Posachedwa ameneyo anali asanakwanebe. Mwamuna wake anatsala mumzinda waukulu, kumene ankagwira ntchito pa kampani ya matayala. Ankabwera kumapeto kwa mwezi, mwezi wina osabwera. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali ku sukulu yogonera komweko. Panali masiku amene Namabuku ankafika kunyumba n'kuzindikira kuti chichokereni m'mawa, pakamwa pake pangotuluka mawu awiri okha: "Mubweze Lachisanu" ndi "Ana inu, phokoso!"

Masiku oterowo anali amene Atelala sanabwere, ndipo anali ochepa.

Atelala anali nkhalamba yayitali, yowerama pang'ono, ya jekete lofiirira ndi chipewa. Anasoka zovala pakhonde la sitolo ina kwa zaka makumi anayi, mpaka ng'ala inawalanda makina. M'mawa uliwonse Namabuku ankawapeza atakhala pamasitepe, akudikira kuti atsegule. Akalowa ankalunjika pampando wa pawindo, n'kutenga nyuzipepala ya dzulo, n'kuiyandikiza pamphuno ngati akuinunkhiza. Masana Namabuku ankatsegula fulasiki, n'kuthira tiyi m'makapu awiri, n'kugawa buledi pakati.

"Uja wadutsa pawindoyo ndimamudziwa," ankatero Atelala. "Chiuno sate foro, mwendo waufupi kumanzere. Anthu a kuno sindiwadziwa nkhope, mwana wanga. Ndimawadziwa chiuno."

"Nanga a meya aja?"

"Aja musawaone mimba lero. Ndinawasokera kabudula ali ngati mzati wa foni."

Tsiku lina ataona Namabuku akumata buku lothothoka ndi selotepi, anapukusa mutu n'kuitanitsa ulusi wokhuthala ndi singano yaikulu. Anasoka msana wa bukulo mopapasa, maso ali kudenga. "Dzanja silichita ng'ala," anatero. Kuyambira pamenepo mabuku othothoka ankawaunjikira pawindo.

Koma panali zinthu ziwiri. Choyamba, ikangokwana teni koloko, nyuzipepala inkagwera pachifuwa, Atelala n'kuyamba kuliza mkonono wa mtima bii, wokoka ngati macheka, ndipo akamwa tiyi masana ankabwerezanso. Chachiwiri, miyezi yaposachedwa jekete lija linayamba kutulutsa kafungo ka mkodzo, makamaka kukatentha. Atsikana a ku sukulu ya unamwino, amene ankabwera kudzakonzekera mayeso, ankasamukira ku tebulo la kumapeto akugwira mphuno. M'kabokosi ka maganizo Namabuku anapezamo timapepala titatu. Kamodzi kanangolembedwa kuti: "Kuno ndi ku laibulale kapena ku chipatala?" Anatipinda timapepalato n'kutiika pansi pa chidindo.

Maphunziro anayamba. Pa kompyuta panatuluka timawindo makumi awiri, kalikonse ndi nkhope yake, ndipo pakati panali mphunzitsi wa ku likulu, mayi wa magalasi wolankhula mwachangu ngati akuthamangira basi. Sabata yoyamba anaphunzira za chiswe ndi chinyezi. Yachiwiri, za mabuku osabwezedwa. Namabuku anali ndi zambiri zonena. Mphunzitsi akafunsa funso, iye ankayankha bwinobwino, koma mphunzitsi ankangopitiriza, kapena kuloza wina. Anaganiza kuti a m'malaibulale akuluakulu amadziwana kale, ndipo wa kumapeto kwa msewu ngati iye alibe mawu. Linali tsiku lachitatu la maphunziro pamene anaona kachizindikiro ka maiki pansi pa nkhope yake kali ndi mzere wofiira. Masabata awiri onsewo ankalankhula yekha m'chipinda.

Anadina kachizindikiroko manyazi atamugwira, ngakhale panalibe womuona. Mutu wa tsikulo unali wa owerenga ovuta. Mphunzitsi anali pakati pa chiganizo pamene anaima n'kupendeketsa mutu.

"Pepani, kodi wayatsa jenereta ndani?"

Timawindo tonse tinayang'anana. Kenako phokoso lija linabweranso, lokoka, n'kuthera m'kamluzu.

"Si jenereta ameneyo," anatero bambo wina wadazi wa pa kawindo ka pamwamba. "Ameneyo ndi munthu, ndipo wakhuta."

Chiseko chinabuka. Mphunzitsi anavula magalasi n'kupukuta misozi.

"Zikuchokera kwa amayi amene akhala pansi pa wotchi aja. Amayi a wotchi, mukutimva? Ndi kwanu kumeneko?"

Kanali koyamba kuti munthu amuitane m'maphunzirowo. Anafotokoza za Atelala, ndipo poona nkhope zonse zikumumvetsera, anawonjezera ndi za fungo, ndi za timapepala ta m'kabokosi. Za tiyi ndi za ulusi sananene.

"Chitsanzo chabwino kwambiri," anatero mphunzitsi. "Anzanga, munthu mmodzi asalande anthu khumi malo owerengera. Koma osamuloza chala. Lembani malamulo a aliyense, muwapachike poonekera. Wophwanya mumuchenjeze kawiri mwaulemu, kachitatu atuluke tsiku limenelo. Lamulo likakhala pakhoma, inu simudana ndi munthu. Amayi a wotchi, ntchito yanu ya sabata ino ndi imeneyo. Mudzatiuze mmene zayendera."

Lachinayi m'mawa Namabuku anapachika pepala la malamulo asanu ndi limodzi pafupi ndi chitseko. Atelala analiyandikira, mphuno kutsala pang'ono kukhudza khoma, koma zilembo zinawakana.

"Tandiwerengerani, mwana wanga."

Anawawerengera. Osadyera muno. Mafoni akhale chete. Osalemba m'mabuku. Kenako anafika pa lachinayi.

"Osagona m'chipinda chowerengera."

"Chachisanu?"

"Aliyense abwere ali waukhondo."

Atelala anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Malamulo abwino. Inenso pakhonde panga sindinkalola munthu kutsamira makina."

Tsiku limenelo analimbana nato tulo. Namabuku ankawaona akudzitsina pa ntchafu, akupita panja kukasamba m'maso pa mpopi. Koma cha m'ma leveni mutu unagwa. Namabuku anapita n'kuwagwira paphewa.

"Abambo, mwagona."

"Ayi, ndimaganiza."

Lachisanu zinachitikanso chimodzimodzi. Lolemba matebulo onse anali odzaza, mayeso a anamwino atatsala masiku atatu. Mkonono utayamba, mtsikana wina anatseka buku mwamphamvu n'kuyang'ana pepala la pakhoma, kenako n'kuyang'ana Namabuku. Anzake nawonso anadzutsa mitu. Namabuku anaimirira n'kupita pampando wa pawindo.

"Abambo," ananong'ona, "aka n'kachitatu. Lero mukapume kunyumba. Mawa mubwere."

Atelala anamuyang'ana ndi maso awo otuwawo, kenako anapinda nyuzipepala bwinobwino m'mizere yake, n'kuvala chipewa.

"Musadandaule, mwana wanga. Ntchito ndi ntchito. Buku la mapu lija ndalisiya theka, musalipereke kwa munthu, ulusi sunamangidwe."

Anatuluka akupapasa mphuthu ya chitseko. Masana Namabuku anathira tiyi m'kapu imodzi. Buledi anabwerera naye kunyumba.

M'mawa mwake pamasitepe panalibe munthu. Lachitatu anafotokoza m'maphunziro kuti malamulo agwira ntchito, m'laibulale muli zii, atsikana akuwerenga mwamtendere. Mphunzitsi anamuyamikira pamaso pa onse, ena n'kuwomba m'manja m'timawindo tawo. Kunena zoona, zinamukomera. Madzulo anaimbira mwamuna wake kuti amuuze, koma iye anali mu minibasi, anati aimbanso akafika. Sanaimbe.

Sabata inatha, ina n'kulowa. Mayeso atatha, atsikana aja anasiya kubwera. Mvula inayamba, ndipo m'mawa wonse Namabuku ankangomva madontho akugwera m'ndowa pakona ya mabuku a zaulimi. Ankadziuza kuti nkhalamba yangokwiya, mkwiyo ukaphwa ibwera. Munthu wamtali akadutsa pawindo, ankadzutsa mutu.

Sabata yachisanu ndi chimodzi mutu unali wa kukonza mabuku owonongeka. Mphunzitsi anaonetsa guluu wa mitundumitundu amene Namabuku anali asanamuonepo m'sitolo iliyonse. Kenako anati aliyense aonetse buku limene analikonzapo. Anthu anaonetsa za selotepi ndi za mapini. Namabuku anatenga dikishonale imene Atelala anasoka, n'kuitsegula pakati pafupi ndi kamera.

"Tayandikizani," anatero mphunzitsi. "Imani pomwepo. Anzanga, taonani msoko uwo. Buku limenelo likhala zaka makumi awiri. Mwasoka nokha, amayi a wotchi?"

"Ayi. Anasoka ndi... bambo ena amene amabwera kuno."

"Aitaneni sabata yamawa adzatiphunzitse. Luso lotere likusowa ngakhale ku likulu kuno."

Namabuku anavomera. Kuti bambowo ndi a mkonono aja sananene.

Kwawo kwa Atelala sankakudziwa. Zaka zitatu akumwera limodzi tiyi, anali asanawafunsepo. Anakafunsa kwa mwini sitolo ya khonde lija, amene anamulozera kuseri kwa chigayo, nyumba ya chitseko chobiriwira. Loweruka masana atatseka laibulale anapita, akudumpha zithaphwi. Anapeza mayi wa msinkhu wake akuchapa pakhomo, mwana ali kumsana. Atalonjerana, anadzifotokoza.

"Ndinu aNamabuku?" anatero mayiyo, akupukuta thovu m'manja. "Khalani apa. Ine ndine mpongozi wawo. Amuna anga ali ku migodi, chaka chachiwiri chino."

"Abambo alipo?"

"Anapita. Achemwali a amuna anga anadzawatenga sabata yatha. Ndi kutali, basi ya tsiku lonse." Anakhala pa ndowa yovundikira. "Anadwala chibayo. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi limodzi."



"Musandione ngati munthu woipa, amayi," mpongoziyo anapitiriza. "Ine ndimakolopa ku banki, ndimachoka sikisi koloko. Kawiri konse anasiya mbaula ikuyaka, kachiwiriko katani inapsa, anazimitsa ndi aneba. Ndiye ndinayamba kukhoma nyumba. Ndinkadziwa kuti ali kwanu, pouma, pali anthu. Jekete lija ndinkalimbana nawo kuti ndichape, ankakana, ati munthu sapita ku ntchito wopanda jekete."

"Ku ntchito?"

"Eee. Ankati munawalemba ntchito yosoka mabuku. Tonse tinkadziwa kuti si zoona, koma tinkangowasiya. Ndiye sanandiuze kuti zasintha. M'mawa ankatuluka monga mwa masiku onse. Ndinamva kwa anyamata a pa depoti ya basi kuti akumakhala tsiku lonse pa benchi ya pamenepo, mvula ikuwawaza. Nditawafunsa anati, 'Anandichotsa ntchito. Ndinkagona pa ntchito, analondola.'"

"Ndinawauza kuti abwere mawa lake," anatero Namabuku. Mawu ake anamveka ngati a mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

"Inu simuwadziwa apongozi anga. Munthu akawabwezera malaya kuti sanasoke bwino, ankasokanso ulere, koma munthuyo sankamusokeranso moyo wake wonse." Mwana anayamba kulira, mayiyo n'kumugwedeza. "Sindikukunenani. Nanu muli ndi mabwana anu. Inenso ndinakhoma chitseko."

Anamulembera nambala ya foni ya achemwali aja pa chikutiro cha sopo. Namabuku anabwerera wapansi. Podutsa pa depoti anaiona benchi ija, denga lake lamalata lobooka, pansi pali matope. Sanaime.

Lachitatu mphunzitsi sanaiwale.

"Amayi a wotchi, katswiri wathu uja wabwera?"

Namabuku anali atakonza bodza loti bambowo apita kukaona odwala. Koma atadina maiki, anapezeka akunena zonse: kuti wosoka mabuku ndi wa mkonono anali munthu mmodzi, za nyumba yokhoma, za benchi ya pa depoti, za chibayo. Ananenanso za tiyi, zimene anabisa poyamba. Atamaliza, timawindo tonse tinali duu, moti anayang'ana pansi kuona ngati mzere wofiira uja wabwereranso.

Mphunzitsi anavula magalasi. "Ndinayenera kukufunsani kaye kuti bambowo ndi ndani," anatero, mawu ake atatsika liwiro. "Ndinangomva mkonono."

"Ine ndinkawadziwa," anayankha Namabuku. "Inu simunkawadziwa."

Bambo wadazi uja anakhosomola. "Ifenso kuno tili nawo. Amayi ena amabwera ndi zikwama zawo zonse, amalankhula okha. Ndinawaikira mpando kuseri kwa shelefu ya magazini. Sindinanene tsiku lija, ndinkaopa kuti mundiseka."

"Kwathu ndi ana awiri," anatero mtsikana wina amene anali asanalankhulepo chiyambire. "Mayi awo amagulitsa mumsika. Amawasiya pakhomo pathu m'mawa."

Anthu anayamba kulankhula mopikisana, aliyense ndi wake. Mphunzitsi anasiya zimene anakonza n'kuyamba kulemba. Wina anafunsa ngati a zaumoyo angathandize, wina anati kwawo anagwirizana ndi a tchalitchi chapafupi. Namabuku anasendeza mpando kufupi. Bambo wadazi uja anati, "Amayi a wotchi, inu mukanati..." ndipo magetsi anazima.

Anakhala akuyang'ana galasi lakuda la kompyuta. Anayesa kulowa pa foni, netiweki inakana. Magetsi anabwera faifi koloko itadutsa, maphunziro atatha kalekale.

Sabata yomaliza inali ya mafunso ndi kutsanzikana. Mphunzitsi anati nkhani ya owerenga ovuta aikonzanso chaka chamawa. Anthu anabayibitsana, timawindo n'kumazima kamodzikamodzi. Namabuku anafuna kupempha nambala ya bambo wadazi uja kuti amve zimene ankafuna kunena, koma pamene ankafufuza polembera, kawindo kake kanali katapita. Satifiketi inabwera pa imelo. Makina osindikizira analibe inki, choncho inakhala momwemo.

Chikutiro cha sopo chinatha masabata oposa awiri m'chikwama. Lachitatu lotsatira, nthawi imene ankakhala pa maphunziro, m'laibulale munalibe munthu. Anachitulutsa n'kuimba. Anayankha mayi wa mawu otopa, kumbuyo kukumveka wailesi ndi nkhuku.

"Ababa? Alipo, ali pakhonde. Koma chichokereni m'chipatala mutu sukuyenda bwino. Tsiku lina amatidziwa, tsiku lina ayi. Dikirani ndiwapatse."

Kunamveka mapazi, chitseko, kenako kupuma kolemera.

"Halo? Ndani?"

"Abambo, ndine Namabuku. Wa ku laibulale. Muli bwanji?"

"Ndani?"

"Wa ku laibulale, abambo. Ndimati ndikupepeseni. Tsiku lija ndinalakwitsa."

Kenako mawu anabwera amphamvu, a munthu amene ali pa ntchito yake.

"Aaa, mayi, musapepese. Wochedwetsa ndine. Diresi lanu ndadula kale, kwangotsala zipi ndi kupinda m'munsi. Ndi la ukwati lija, eti?"

Namabuku anatseka maso. "Eee, abambo. Lomwelo."

"Mubwere Loweruka m'mawa mudzayese. Mubwere ndi nsapato zimene mudzavale, tione kutalika."

"Chabwino, abambo. Ndamva."

"Osatuma mwana. Mubwere nokha."

Foni inabwerera kwa mwana wawo uja, amene anapepesa n'kunena kuti madokotala akuti n'ukalamba, palibe chochita. Anathokoza chifukwa choimba. Anati chifikireni kumeneko, aka kanali koyamba kuti munthu wa kumene ankakhala awafunse.

Namabuku anaika foni pa tebulo. Kunja mvula inali itakata, dzuwa likuwala pa matope. Anakhala choncho mpaka belu la ku pulaimale linalira. Posakhalitsa ana anayamba kulowa, nsapato zili matope okhaokha, akukankhana pakhomo. Kamtsikana kena kanabwera pa kauntala ndi buku la nyama za m'madzi, n'kufunsa ngati nsomba zimagona.

"Zimagona," anatero Namabuku.

"Maso ali otsegula?"

"Tsegula tione."

Anazungulira kauntala n'kukhala pa kampando ka ana, mawondo ali m'mwamba, n'kuyamba kufufuza naye tsambalo.